Mezani Malovu, Mayi Hruska

"Anandiuza kuti ndimeze malovu!" amayi anakuwa uku akumuloza Marisela ndi foloko. "Ine ndafufuza. Ndafunsa Doreen wa ku positi, ndafunsa Arlo wogulitsa matayala, ndafunsa ngakhale abusa. Onsewo anaunikidwa mitsempha ya m'khosi pa makina omwewo, ndi manja omwewo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwa kuti ameze malovu. Nanga ine ndalakwanji?"

Linali Lamlungu masana, nyama yowotcha ikuzizira m'mbale. Marisela Quiroz, mtsikana amene ndinali nditamuveka mphete ya chitomero, anakhala pambali panga akudula mbatata tizidutswa timene sankadya. Iye yekha ndiye amajambula odwala ndi makina a sikani pa kachipatala ka tauni yathu ya Kettle Fork. Amayi atachita chizungulire ali pa ntchito, dokotala anawalembera kuti akaunikidwe mitsempha yopita ku ubongo, ndipo panalibenso wina wowaunika koma mpongozi wawo wa mawa.

"Mayi Hruska," Marisela anatero motsitsa mawu, "zithunzi ndinatumiza. Dokotala akaziona, a kuchipatala akuimbirani."

"Tamumvani! 'Akuimbirani.' Ine sindikufunsa a kuchipatala. Ndikufunsa iweyo amene ukudya nyama yanga."

"Lorna, mulekeni mwanayu adye," anatero bambo. "Kapena nayenso mumuuze ameze malovu, mufanane."

"Inu Vern, khalani chete. Khosili ndi langa."

Amayi ndi oitanira mitengo pa okushoni ya ng'ombe. Chuma chawo ndi mawu ndi maso. Wogula akangogwedeza kachala, kapena kukanda chipewa, amayi aona kale ngakhale munthuyo atabisala kumbuyo kwa anzake. Kubisira munthu wotere kanthu kuli ngati kubisa moto m'thumba la malaya.

"Tili kumanja kwa khosi unkacheza bwinobwino," iwo anapitiriza, "ukundifunsa za maluwa a ukwati. Titafika kumanzere, kachipangizo kako kaja kanatsetsereka m'munsi, pafupi ndi kholingo. Nkhani ya maluwa inafera m'kamwa. Unapendeketsa kanema kuti ndisaone. Ndipo nsidze yako iyi inakwera. Mwana iwe, pa okushoni nsidze yotere ndimaigulitsa ng'ombe."

"Sindiloledwa kunena zimene ndaona," anatero Marisela. "Kwa wina aliyense. Ngakhale mukanakhala amayi anga ondibereka."

"Ndiye waonadi kanthu."

"Sindinatero."

"Koma sunakane."

Ndinayesa kulowererapo. "Amayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tingodikira lamyayo."

"Iwe Tobin, nkhono yake iti? Chetechete sautsa nyama." Anaika foloko pansi mwaulemu, ndipo ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa amayi akakwiya zenizeni amasiya kukuwa. "Mvetsera bwino. Pabwalo langa sipadzakhomedwa tenti ya ukwati wa munthu amene akudziwa za m'thupi mwanga kuposa mwini wakene, n'kumandipatsira mchere patebulo ali duu. Wobisa ndi mlendo. Wa pakhomo amanena. Asankhe yekha kuti iye ndi ndani."

Marisela anapinda kansalu kopukutira pakamwa, anathokoza chifukwa cha chakudya, n'kukatenga jekete lake.

Ndinamuperekeza pa galimoto. Msewu wopita kwawo umadutsa m'timapiri ta mchenga todzaza udzu, ndipo nyengo imeneyo udzuwo unali utafiira ngati ubweya wa nkhandwe. Ndinaimika galimoto pamwamba pa chitunda, pamene mphepo imapeta udzu kukhala mafunde. Ine ndine munthu wokonda zinsinsi. Ndinamukonda Marisela poyamba chifukwa cha maso ake, amene amaoneka ngati akusunga kanthu kuseri. Sindinkadziwa kuti tsiku lina kanthuko kadzakhala amayi anga.

"Tandinong'oneza ine ndekha," ndinatero. "Pakamwa panga ndi pamanda."

"Iwe? Mphete ija unati udzandipatsa tikafika kunyanja, unaitulutsa tisanatuluke n'komwe m'tauni."

"Inkandiwotcha m'thumba."

"Ndiye ichi chingakuwotche kuposa pamenepo." Anamwetulira pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Ine ndine maso chabe, Tobin. Ndimajambula, ndimayeza, n'kutumiza. Pakamwa ndi dokotala. Ndikanena ndekha, ntchito yanga yatha. Ndipo lamulolo si lopusa ayi. Pa kanema paja zinthu zimanyenga. Ukhoza kumugoneka munthu ndi mantha chifukwa cha mthunzi."

"Nanga za malovuzo?"

Anayang'ana kutali. "Ndikuuza zimene zili m'buku lililonse, osati za amayi ako. M'khosi, pakati pa mitsempha ikuluikulu ija, pali chithokomiro. Chimaoneka ngati gulugufe amene watambasula mapiko pa kholingo. Sungajambule mtsempha osaona phiko lake. Zili ngati wabwera kudzakonza mpanda wa nyumba ya eni, koma zenera n'lotsegula. Sunabwerere zenera, koma maso alibe mpanda."

"Ndiye munthu akameza?"

"Gulugufeyo amakwera n'kutsika, pamodzi ndi chilichonse chimene chili pa iye."

Ndinagwira khosi langa n'kumeza. Kanthu kanayenda pansi pa zala zanga. Ndinali ndakhala nako moyo wanga wonse osakadziwa. Ndinayamba kuganiza za anthu onse a m'tauni mwathu, aliyense akuyenda ndi gulugufe wake m'khosi, ndipo mtsikana mmodzi yekha ndiye anawaona onsewo.

"Usandiyang'ane choncho," iye anatero. "Wayamba kufanana ndi amayi ako."

Lamya inalira sabata yotsatira. Namwino anati mitsempha ili bwino, magazi akuyenda popanda chotchinga, chizungulire chija mwina kunali kutopa chabe. Amayi anavina m'khitchini. Tsiku lomwelo anaphika makolache, timabanzi tawo ta jamu pakati, n'kundituma kuti ndikamutenge Marisela akaweruka.

"Pepani sapoletsa chilonda," anamulandira motero pakhomo, mbale ili m'manja, "koma makolache amayesako. Ndinakulalatira pachabe, mwana wanga. Akuti ndili bwinobwino ngati thole la chaka chino."

"Ndani waimba?"

"Namwino uja wa mawu a m'mphuno."

"Wati chiyani?"

"Wati mitsempha ili bwino."

Dzanja la Marisela linaima m'malere, lisanafike pa mbale. "Wanena zokhazo?"

Anafunsa mofatsa kwambiri, koma amayi anali atamva kale. Anabweza mbale ija pang'onopang'ono mpaka inafika pachifuwa pawo.

"Vern," anaitana osachotsa maso pa Marisela, "bwerani mudzaone. Nsidze ija yakweranso."

"Ine ndikuona makolache akubwerera kukhitchini," anatero bambo. "Zimenezo ndiye zikundidetsa nkhawa."

Palibe anaseka. Ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwa Marisela, koma siinagwe. Anatembenuka n'kubwerera ku galimoto, ine ndikumuthamangira pambuyo ngati mwana wa ng'ombe wosochera.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kutchula dzina lake. Ankangoti "mtsikana wako uja". Anauza Doreen wa ku positi kuti za ukwati zaima, ndipo kuuza Doreen n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi. Kusitolo anthu ankandiyang'ana mwachisoni. Koma chimene chinkandidabwitsa n'chakuti amayi sankaoneka amantha. Ankaoneka ngati munthu amene wamva kugogoda m'nyumba mwake koma sakupeza chitseko chake. Ndinkawapeza ataima pa galasi, atakweza chibwano, akumeza, akupendeka, akumezanso.

"Ukuona kanthu?" ankandifunsa.

"Ndikuona khosi."

"Wopusa ngati bambo ako."

Tsiku lina masana ndinamupeza Marisela atakhala m'galimoto mwake kuseri kwa chipatala, chakudya chili pamiyendo osachikhudza.

"Tiyerekeze kuti pali munthu wina," anayamba yekha ndisanafunse. "Osati wachibale wa aliyense. Munthu chabe. Wojambula waona kanthu pambali pa mtsempha, wakajambula, watumiza. Dokotala woona zithunzi amakhala ku Omaha, ndipo Kettle Fork sanapondemo. Zithunzi zimamufikira ngati matalala. Iye anafunsidwa za mitsempha, ndiye wayankha za mitsempha. Dokotala amene anaitanitsa zithunzizo anali wongobwereka, pano ali ku Montana. Amene wabwera m'malo mwake akuti wodwalayo sakumudziwa. Ukaimba ku Omaha, akuti siyani uthenga. Ukapita kwa Bambo Pruitt, woyang'anira chipatala, akuti, 'Tinakulemba ntchito kuti uzijambula zimene wauzidwa, osati kusaka mavuto. Anthu ali pamzere.'"

"Ndiye kanthuko n'ka ndani?"

"Kalibe mwini. Kali ngati mwana wa ng'ombe wobadwira pamalire. Uyu akuti ndi wa uyo, uyo akuti ndi wa uyu, mpaka ankhandwe amupeza."

"Zimachitika kawirikawiri?"

Anangoyang'ana khomo la chipatala, pamene nkhalamba ina inkatuluka ikumwetulira, chipewa chili m'manja.

"Marisela, ngati suwauza, amayi sabwerera m'mbuyo. Ndikuwadziwa."

"Ndipo ndikawauza, mawa tauni yonse idziwa kuti ndanena. Amayi ako sasunga mawu, Tobin. Amawagulitsa." Anazunguliza mphete ija pachala. "Khoswe wakhala pamkhate. Ndikaponya mwala ndiswa mkhate, ndikaleka adya zonse."

Lachinayi ndi tsiku la okushoni. Malonda atatha, magalimoto a ng'ombe atanyamuka, amayi anandituma kuti ndikamutenge Marisela. "Umuuze kuti lero tithane nazo," anatero.

Tinawapeza atakhala pamalo awo okwera oitanira mitengo, pamwamba pa bwalo lozungulira limene ng'ombe zimadutsamo. Mabenchi onse anali opanda anthu. Dzuwa linkalowera m'mipata ya malata, fumbi likuyandama m'kuwalako ngati golide wopera. Marisela anaima pakati pa bwalo, pa utuchi, pomwe pamaima ng'ombe yogulitsidwa.

"Ndaganiza njira," amayi anatero. "Iwe suloledwa kuyankhula. Chabwino, usayankhule. Ine ndizifunsa, iwe uzingondiyang'ana. Zotsalazo ndimaliza ndekha. Palibe amene adzati unanena."

Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino kwambiri. Koma Marisela anapukusa mutu.

"Ayi, Mayi Hruska. Musandibere pankhope. Mukawerenga molakwa, mudzagona ndi mantha a chinthu chimene sindinanene. Ngati ndinena, ndinena ndi pakamwa panga, ndidziwe kuti ndanena." Anapuma mozama. "Tobin atuluke."

"Akhale. Anachokera m'thupi lomweli."

Marisela anakwera masitepe mpaka pamene amayi anakhala. Anagwira dzanja lawo, natenga zala zawo ziwiri n'kuziika m'munsi mwa khosi, chakumanzere.

"Mitsempha yanu ilidi bwino, sananame. Koma apa, pa chithokomiro, pali kachotupa. Kukula kwake ngati nyemba. Akazi ambiri a msinkhu wanu ali nato totere, ndipo tambiri n'topanda vuto. Munthu amakalamba nako mpaka kufa ndi zina osadziwa kuti kalipo. Tikati tizithamangitsa kalikonse, tingang'ambe makosi a anthu pachabe. Koma aka kanandiimitsa. N'kakuda kuposa mnofu wozungulira, m'mphepete mwake simosalala, ndipo m'kati muli timadontho towala ngati mchere."

"Ndiye n'chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndikulumbira, sindikudziwa. Mwina si kanthu. Kakufunika kujambulidwa pakokha ndi anthu a chithokomiro, mwina kubayidwa ndi kasingano kuti aone za m'kati. Ine sindinakubisireni yankho. Ndili ndi funso chabe, ndipo ndayenda nalo khomo ndi khomo, palibe akufuna kulilandira."

Amayi anasisita pamalopo, maso ali m'mwamba ngati munthu amene akumvetsera nyimbo yakutali.

"Nyemba," anatero. "Ya mtundu wanji? Yaikulu ija kapena yaing'ono?"

"Yapakatikati."

"Ndiye yakhala mmenemu nthawi yonseyi, ikumva mitengo yonse ya ng'ombe, osalipira lendi." Anaseka pang'ono. "Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ndikanakonda kukaona pa kanema paja. Kali ndi mizu?"

"Kalibe mizu."

"Nanga atati akachotse? Mawu anga?"

Marisela anazengereza. "Kamtsempha ka mawu kamadutsa kuseri kwake. Madokotala amakasamala kwambiri, ndipo anthu ambiri amatuluka bwinobwino. Koma funso limenelo ndi limene ndinkaliopa. Liyenera kuyankhidwa ndi munthu amene amagwira mpeniwo, osati ine."

Amayi anayang'ana mabenchi opanda anthu aja, kenako chimkuzamawu chawo chimene chinali chitagona patebulo. Kunja ng'ombe ina yotsalira inkalira.

"Akadziwa kuti wandiuza, atani?" anafunsa pomaliza.

"Andichotsa."

"Ndipo wanenabe."

"Ndanena."

"Chifukwa cha tenti ya pabwalo?"

"Poyamba ndinkaganiza za tentiyo," anatero Marisela. "Koma lamya ija italira, n'kuona mmene munasangalalira, ndinaiwala za tenti."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, mwa kayang'anidwe kamene sindinakaonepo. "Ndiye iwe umayenda m'tauni muno utasenza zotere za anthu onse? Za Doreen? Za Arlo?"

"Musandifunse."

"Sindikufunsa. Ndikungodabwa."

M'mawa mwake ndinawaperekeza kuchipatala. Anavala chipewa chawo cha pa okushoni ndi nsapato zopukuta. M'galimoto ndinawachonderera. "Amayi, chonde, dzina lake lisatuluke."

"Yendetsa galimoto, Tobin."

Bambo Pruitt ndi munthu waulemu, wa tayi ndi mawu ofewa. Anatipatsa mipando. Amayi anakana kukhala.

"Ndikufuna dokotala amene alipo sabata ino aone zithunzi zanga zonse," anatero. "Zonse, osati za mitsempha zokha. Ndipo andilembere kuti ndikaunikidwe chithokomiro kwa eni ake a ntchitoyo."

"Koma zotsatira zanu zinatuluka bwino, Mayi Hruska."

"Za zimene munafunsa. Munthu akabwera kudzagula ng'ombe n'kundifunsa za mano okha, ine n'kuona kuti ikutsimphina, ndizingoti mano ali bwino? Ndi angati m'tauni muno amene mwawaimbira kuti zili bwino, chonsecho munangoyang'ana mano?"

Bambo Pruitt anavula magalasi. Anawapukuta pang'onopang'ono, kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Wakuuzani ndani za chithokomiro?"

Ndinayang'ana pansi. Amayi anga sanasungepo chinsinsi chiyambire. Mphatso za Khirisimasi timazidziwa mwezi usanafike. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, mawu atadzaza m'kamwa ngati ng'ombe pachipata.

"Khosi langa," anatero. "Ndakuwa nalo kuyambira ndili mtsikana. Likasintha ndimadziwa."

"Ndikufunsa chifukwa Marisela ndi wa pabanja panu. Ngati wanena kanthu kwa wodwala, ndiyenera kudziwa."

"Ameneyo?" Amayi anaseka chiseko chowawa, choti ngakhale ine ndinachita nacho mantha. "Pitani ku positi mukafunse. Pitani kwa Arlo. Tauni yonse ikudziwa kuti ndaimitsa ukwati wa mwana wangayu chifukwa cha mtsikana ameneyo. Ndamunyengerera, ndamuopseza, ndamuphikira makolache. Mwala! Mwalemba ntchito mwala, Bambo Pruitt. Akanakhala wa pakamwa, bwenzi ndikuvutika kubwera kuno?"

Bambo Pruitt anandiyang'ana. Sindinafunike kunamizira chilichonse, chifukwa nkhope yanga inali kale ya munthu wozunzika. Anavalanso magalasi n'kunyamula lamya. Tisanatuluke m'chipatalamo, dokotala wa sabata imeneyo anali ataona zithunzi zija, ndipo anawalembera amayi tsiku lokaonana ndi a chithokomiro mumzinda.

M'khonde tinakumana ndi Marisela akukankha njinga ya wodwala. Bambo Pruitt anali ataima pakhomo la ofesi yawo, akutiyang'ana. Marisela anachepetsa liwiro.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Hruska?"

Amayi anadutsa ngati adutsa mtengo wa magetsi. Sanaphethire n'komwe. Ine ndinangoona m'mphepete mwa mlomo wa Marisela mukunjenjemera, ndipo sindinadziwe ngati kunali kulira kapena kuseka.

Titalowa m'galimoto, amayi anavula chipewa. Analephera kumanga lamba. Ndinawamangira.

"Ndinatsala pang'ono kuphulika," anatero. "Mawu anafika apa, pa mano penipeni. Ndimafuna kumuuza bambo uja kuti mtsikana ameneyu ndi yekhayo amene anandiona ngati munthu m'chipatala monsemo." Anapuma mwamphamvu. "Zimenezi iye amachita tsiku ndi tsiku?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Osadwala nazo?"

"Mwina amadwala. Sanena."

Tinadutsa pa positi. Doreen anatibayibitsa pazenera, amayi n'kumubwezera ndi nkhope ya maliro.

"Mvetsera," amayi anatero osatembenuka. "Kwa anthu, ine ndi iye sitikuyankhulana. Zikhala choncho mpaka ndibwere kuchokera kumzinda, mpaka Pruitt apeze china choganiza. Bambo ako asadziwe, amayankhula kutulo. Koma madzulo ano upite kwawo, udzere msewu wakuseri. Ukamuuze kuti tsiku lopita kumzinda akapemphe tchuthi, anene kuti akudwala mutu. Tikamutengera kunja kwa tauni. Ndikufuna akakhale pambali panga pamene akundibaya kasinganoko, azikandiuza zimene zikuoneka pa kanema."

"Kumenekonso saloledwa kunena, amayi."

"Ndikudziwa. Angokhalapo basi."

Mtima wanga unali ukuuluka kale pa msewu wakuseri uja, pakati pa udzu wofiira. "Nanga za ukwati ndikamuuze chiyani?"

Amayi anagwira pakhosi pawo, pamalo paja, mofatsa ngati akusisita kamwana kogona.

"Umukwatire msanga," anatero, "asanazindikire kuti akulowa m'banja la anthu olongolola."